Momwe mungaphunzitsire kompyuta kuzindikira kulira kwachilendo kwa makina

Beringi ikayamba kutha kapena lamba akalefuka, kaliridwe ka makina kamasintha makinawo asanaime, ndipo kompyuta ikhoza kuphunzitsidwa kumva kusinthako. Simufunika kudikira kuti makina awonongeke kuti mupeze zitsanzo, chifukwa kompyuta imaphunzira kulira kwabwinobwino kokha, kenako imakayikira chilichonse chosiyana nako. Ine ndinachita izi pa mota ya chigayo.

Yambani ndi maikolofoni ya USB yolumikizidwa ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi kapena laputopu yakale, ndipo muimangirire pamalo amodzi pafupi ndi maberingi. Chenjerani ndi maikolofoni otchipa omwe ogulitsa amawatamanda kuti amachotsa phokoso okha, pakuti phokoso lomwe amachotsalo ndi lomwe mukulifuna. Jambulani mu WAV (mtundu wa fayilo ya mawu yosafinyidwa) pa 16 kHz, tizidutswa ta masekondi 10, ndipo musatumizirane mafayilowo ngati mauthenga a mawu pa WhatsApp chifukwa amafinyidwa.

Gawo lofunika kulidekhera ndi kujambula. Zojambula zathu zoyamba zinatengedwa m'chilimwe, chigayo chikugaya mgaiwa, ndipo zonse zinkayenda bwino mpaka mvula yoyamba itagunda pa malata. Alamu yomwe tinalumikiza ku kompyutayo inalira tsiku lonse pomwe mota inalibe vuto lililonse. Inaliranso pamene makina ankazungulira opanda chimanga, komanso tsiku lomwe magetsi anazima n'kuyatsidwa jenereta, moti wogayitsa anafika poizula waya, ndipo sindinamudzudzule. Kompyuta imatenga zomwe inamva pophunzira kukhala dziko lonse. Choncho jambulani makina atangoyatsidwa, atatentha, ali ndi katundu wambiri, ali opanda kanthu, atasinthidwa sefa, kukugwa mvula ndiponso anthu akucheza pamzere, ndipo lembani m'kope zomwe zinkachitika nthawi iliyonse. Vutoli si la m'zigayo zokha ayi, pakuti mpikisano wa DCASE, wa akatswiri ophunzitsa makompyuta kuzindikira mawu, unaliika patsogolo mu 2021 pansi pa dzina loti domain shift.

Mukatero, sandutsani kachidutswa kalikonse kukhala log-mel spectrogram (chithunzi choonetsa kaliridwe kake) pogwiritsa ntchito pulogalamu ya librosa ya mu Python, ndipo phunzitsani autoencoder yaing'ono (pulogalamu yomwe imaphunzira kupanganso zomwe yapatsidwa) kubwezeretsa zithunzizo. Ikamva kulira komwe ikukudziwa imalakwitsa pang'ono, koma ikakumana ndi kwachilendo imalakwitsa kwambiri, ndipo kukula kwa kulakwitsako ndiye chizindikiro chanu. Ngati mukufuna kuyeserera kaye, kampani ya Hitachi inatulutsa mu 2019 zojambula zaulere zotchedwa MIMII, momwe muli mapampu, mafani ndi mavavu abwino komanso owonongeka, ngakhale kukopera kwake kumadya bandulo zedi.

Malire a alamu, ndiko kuti kukula kwa kulakwitsa komwe kukusonyeza vuto, muwapeze poyesa zojambula zabwinobwino zomwe simunaphunzitsire, ndipo ilire pokhapokha tizidutswa tingapo totsatizana tadutsa malirewo. Lumikizani belu kapena uthenga wa pafoni, ndipo mukasintha maberingi kapena mota, jambulani ndi kuphunzitsanso.