Mmene Mungadziwire Zaka za Madzi a Pansi pa Nthaka

Musanatunge madzi okayeza, popani chitsimecho mpaka kutentha kwa madzi, pH (muyezo wa kuchuluka kwa asidi) ndi kuchuluka kwa mchere zitasiya kusintha, chifukwa madzi amene agonera m'paipi amasocheretsa. Dzazani mabotolo mpaka kukamwa, n'kuwatseka zolimba kuti mpweya usalowemo.

Kulabotale yambani ndi kuyeza tritium (mtundu wa haidrojeni umene umatha pang'onopang'ono), yomwe theka lake limatha pa zaka 12.3 zilizonse. Inachuluka kwambiri mumvula cha m'ma 1963 chifukwa cha kuyesa mabomba a nyukiliya, choncho ikapezeka ndiye kuti m'madzimo muli ena amene analowa pansi posachedwapa. Madzi akalekale amafuna carbon-14 (mtundu wa kaboni), yomwe theka lake limatha pa zaka 5,730, choncho ikachepa ndiye kuti madziwo ndi akale. Apa m'pofunika kusamala, pakuti miyala ya laimu ikasungunuka imawonjezera kaboni wakale, madzi n'kuoneka okalamba kuposa mmene alili. Carbon-13 (mtundu wina wa kaboni umene sutha) ndi amene amathandiza kukonza chiwerengerocho.

Mukapeza tritium pamodzi ndi carbon-14 wochepa m'botolo limodzi, dziwani kuti madzi atsopano asakanikirana ndi akale. Kuti mudziwe gawo la mtundu uliwonse, yerekezerani chloride (mbali ina ya mchere) ndi oxygen-18 (mtundu wolemererapo wa okosijeni) wa madzi osakanikiranawo ndi wa magwero awiriwo, popeza zimenezi sizisinthasintha madzi akamadutsa m'miyala.