Kuchoka pa kugulitsa galimoto mpaka kukhala ndi filing'i: momwe mungachitire

Ndinayamba ndi galimoto imodzi yakale, lero ndikuyendetsa malo omwetsera mafuta. Anthu amandifunsa kawirikawiri njira yake, ndiye nayi monga ndinayendera ine.

1. Yambani ndi galimoto imodzi. Gulani yomwe zipangizo zake sizisowa, monga Toyota ya injini yaing'ono, osati yomwe yangokukomerani m'maso. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya pamapepala. Ngati yachokera ku okushoni ya ku Japan, funsani pepala la okushoniyo: giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, koma mukaona chilembo R dziwani kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Madilala ena amabweza makilomita m'mbuyo. Mita ikamati 40,000 koma mapedulo ndi chiwongolero zili zoperepeseka, chokanipo.

2. Musadye mpamba. Phindu la yoyamba liwonjezere pogula yachiwiri. Galimoto ikatha miyezi itatu pabwalo, tsitsani mtengo ichoke, chifukwa batire ikufa, matayala akuphwa, ndalama yagona.

3. Lowani m'mafuta. Kumanga filing'i yanuyanu kumafuna ndalama zankhaninkhani. Njira yachidule ndi kukhala dilala wa kampani ya mafuta: matanki ndi mapampu ndi awo, inu mumabwera ndi ndalama yogulira mafuta ndi yolipira antchito. Ziphaso za boma mutenge zonse, izo n'zodziwikiratu. Koma maganizo a ku galimoto muwasiye pakhomo. Kuja galimoto imodzi imakudyetsani mwezi wathunthu, kuno phindu la pa lita n'lochepa zedi, moti malita akamasowa, mumagwira ntchito yaulere.

4. Phunzirani kulandira thankala, galimoto yobweretsa mafuta ija. Apa ndi pomwe ndinapsa, ndiye ndifatsepo.

Mwezi wanga wachiwiri, thankala ya dizilo inafika usiku kukugwa mvula. Sinali ya kampani yathu. Ndinaitanitsa kwa munthu wina amene ankagulitsa motsikirako, ine n'kumati ndachita mwayi. Dalaivala anati, "Bwana, tsitsani msanga, ndili ndi ulendo wautali." Ndinangowalitsa tochi pa invoisi, n'kusaina, payipi n'kulowa m'thanki. Kutacha, magalimoto atatu omwe tinawathira anazima asanapite patali. Makaniko atamasula fyuluta ya imodzi n'kukhuthulira m'botolo, dizilo anali pamwamba, madzi ali phee pansi. Ndinatseka pampu masiku anayi, ndinalipira opopa thanki, ndinagulira eni magalimoto mafyuluta, ndipo mmodzi ma injector ake anaonongeka. Bambo ameneyo sanabwerenso, ndipo mpaka pano zimandiwawa chifukwa iye sanalakwe kanthu. Wogulitsa uja foni anasiya kuyankha.

Kuyambira tsiku limenelo ndimachita chonchi. Thankala iime pamalo osapendekeka, injini izime, mafuta adekhe kwa mphindi 10 kapena 15. Mangani waya wa earth, wotayira magetsi pansi kuti pasathetheke moto, chozimitsira moto chikhale pafupi. Onani ma seal, zomatira zokhala ndi manambala, a chipinda chilichonse cha thankala, ndipo manambala ake afanane ndi a pa invoisi. Imodzi ikakhala yoduka, musatsitse.

Kenako pakani phala loyezera madzi kunsonga ya ndodo, n'kuiviika m'chipinda chilichonse cha thankala mpaka pansi penipeni. Madzi amalemera kuposa mafuta, ndiye amabisala pansi. Phalalo likasintha mtundu, muli madzi. Kachubu kake n'kotchipa kuposa fyuluta imodzi, ndipo usiku uja kanali m'dirowa yanga.

Tungani pang'ono m'botolo loyera, muyang'ane padzuwa kapena pa getsi, ndipo muyeze ndi hydrometer, kachipangizo koyezera kulemera kwa mafuta. Pa madigiri 15, lita ya dizilo imalemera pakati pa magalamu 820 ndi 845, ya petulo pakati pa 720 ndi 775. Palafini amapepukirapo kuposa dizilo, choncho dizilo akatsika kupyola 820, kayikirani kuti wina wathiramo palafini. Kutentha kwa mafutawo mulembenso, chifukwa petulo amafufuma akatentha, pafupifupi lita imodzi pa malita 1,000 pa digiri iliyonse. Malita 10,000 akazizira ndi madigiri 10 pansi pa nthaka, malita pafupifupi 100 sawonekanso pa ndodo popanda munthu woba. Osadziwa zimenezi amachotsa ntchito antchito osalakwa.

Yezani thanki yanu musanatsitse, kuti mudziwe ngati malo akwana, ndipo muyezenso mukatha. Payipi ya dizilo ipite ku dizilo, ndipo muione ndi maso anu, osatuma. Pomaliza onetsetsani kuti zipinda zonse zakhuthuka. Siginecha ibwere pambuyo pa zonsezi, ngakhale dalaivala akwiye bwanji.

5. Zotsalazo ndi za tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse yezani matanki, n'kufananiza ndi mita ya mapampu komanso ndalama zomwe zalowa. Mapampu muziwayesa ndi chigubu chovomerezeka cha malita 20. Ngongole ya mafuta muzipereka kwa anthu ochepa, ndipo ikhale yolembedwa.

6. Bizinesi ya galimoto musaitaye. Ikani ziwiri kapena zitatu pakona ya filing'i, poti aliyense wodzathira mafuta amaziona. Oilo ndi mafyuluta muzigulitsanso pomwepo, phindu lake limaposa la petulo.