Njinga yamoto ya m'tchire ikutentha, kilatchi ikuterereka, magiya akulimba: poyambira ndi apa

Pa njinga zing'onozing'ono za m'tchire, monga Honda CRF125F, Yamaha TT-R125 kapena Kawasaki KLX110, mavuto atatu amakonda kubwera motsatizana. Injini imatentha kwambiri, kilatchi imayamba kuterereka, kenako magiya amalimba. Eni ake ambiri amaona ngati zinthu zitatu zawonongeka nthawi imodzi, n'kuthamangira kukamasula injini, pamene gwero lake nthawi zambiri limakhala limodzi. Pa njinga zambiri za four-stroke, zimene petulo wake sasakanizidwa ndi oyilo, oyilo amene amazungulira mu injini ndi yemweyo amene amanyowetsa kilatchi ndi magiya, ndipo amakhala wochepa, pafupifupi lita imodzi basi. Kilatchi ikamaterereka imawotcha oyiloyo, oyilo akapsa injini imatentha, magiya nawonso amasiya kulowa bwino. N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi zakunja, zimene mungazione ndi maso n'kuzikhudza ndi manja. Zotsegula injini zibwere pomaliza.

Choyamba, onani oyilo

Lizani injini kwa mphindi zingapo, muizimitse, mudikire pang'ono kuti oyilo atsikire pansi. Imitsani njinga chilili pamalo osalala, chifukwa ikapendekera pa sitandi ya m'mbali muyezo umanama. Pa njinga zambiri za Honda, kandodo koyezera oyilo mumangokakhazika pabowo osakamanga, ndiye onani zimene buku la njinga yanu likunena.

Musangoyang'ana kuchuluka kokha. Donthezani oyiloyo pachala, mumutikite, mumununkhize. Akakhala wakuda bii, wopyapyala, wafungo lopserera, ndiye kuti watha ntchito, ndipo kilatchi yakhala ikupsa. Mukaona tizitsulo tonyezimira tambiri, m'katimo muli chimene chikudyeka.

Kenako dzifunseni kuti munathiramo oyilo wanji. Kilatchi ya njinga zimenezi imagwira ntchito ili m'oyilo, choncho imafuna oyilo wa njinga wolembedwa JASO MA kapena JASO MA2 pabotolo. Oyilo wa galimoto wolembedwa Energy Conserving kapena Resource Conserving ali ndi mankhwala owonjezera kuterera, ndipo amatha kuterereketsa kilatchi yabwinobwino. Ngati ndi ameneyo munathira, mukhuthuleni, muthire woyenera, muyende pang'ono n'kusinthanso. Pa njinga za two-stroke, monga Yamaha YZ85, oyilo wosakaniza ndi petulo ndi wina, wa m'magiya ndi wina, ndipo wa m'magiyayo ndi amene anthu amamuiwala.

Chachiwiri, kebulo ya kilatchi

Apa ndi pamene ndimafuna munthu akhalitse, chifukwa njinga zambiri zimachira pomwepa osamasula bawuti ndi imodzi yomwe ya injini.

Kokani chogwirira cha kilatchi ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Poyamba chimayenda chopepuka, kenako mumamva chikulimba. Kampata kopepukako n'kofunika kwambiri, ndipo pa njinga zambiri kamayenera kukhala mamilimita 10 mpaka 20 mukayeza kunsonga ya chogwirira.

Kampatako kakasowa, kebulo imakhala ikukoka kilatchi nthawi zonse ngakhale dzanja mwalichotsa, ndiye mapuleti a m'kati mwa kilatchi sagwirana mokwanira. Kumeneko ndiye kuterereka. Kuti mutsimikize, yendani pang'onopang'ono mu giya yapamwamba, kenako mutsegule moto mwamphamvu. Injini ikalira kwambiri koma liwiro osawonjezereka, kilatchi ikuterereka. Dziwaninso kuti mapuleti akamadyeka kampata kaja kamachepa kokha, ndiye njinga imene inali bwino mwezi watha ikhoza kufuna kuichuna lero.

Kampatako kakakula kwambiri, vuto limatembenuka: mumakoka chogwirira mpaka kumapeto koma kilatchi siimasuka yonse. Zizindikiro zake n'zosasowa. Mukaika giya yoyamba njinga imagunda n'kudumphira kutsogolo, mukaima imafuna kumayendabe, ndipo neutral, malo opanda giya, imasowa injini ikamalira, koma mukangoizimitsa imapezeka mosavuta. Chizindikiro chomalizachi chisungeni, chifukwa chimakuuzani kuti magiya alibe mlandu, wolakwa ndi kilatchi.

Kuchuna pang'ono mumachitira pa kanati ka pachogwirira, kuchuna kwambiri pa manati a kebulo cha ku injini. Mukatha, khotetsani chiwongolero kumanja ndi kumanzere mpaka kumapeto, mukumvera ngati kampata kakusintha. Kakasintha, kebulo yadutsa molakwika kapena yapanika penapake. Kebulo yothothoka timawaya, kapena yolimba chifukwa cha dzimbiri, ingosinthani.

Njinga ngati KTM 65 SX ndi 85 SX zilibe kebulo, kilatchi yake imakankhidwa ndi mafuta. Chogwirira chikamamveka chofewa, mwalowa mpweya wofunika kuutulutsa, kapena mafutawo achepa. Werengani pachivindikiro kuti mudziwe ngati imafuna mafuta a mabuleki a DOT kapena mineral oil. Mukasakaniza awiriwa, timalabala ta m'kati timawonongeka.

Zilipo zina zopanda chogwirira cha kilatchi n'komwe, monga Honda CRF50F ndi tinjinga tambiri ta injini yogona yotengera ya Honda. Izi zili ndi sikuluwu ndi nati pachivindikiro cha kumanja kwa injini. Injini ili yozima, masulani nati, potolozani sikuluwu kumanja kamodzi kathunthu, muibweze kumanzere pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yayamba kulimba. Pamenepo ibwezereni kumanja pang'ono chabe, gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulira, n'kumanga nati mutaigwira sikuluwuyo kuti isasunthe.

Chachitatu, chimene chikulepheretsa injini kuzizira

Injini yozizira ndi mphepo imadalira zipsepse zachitsulo za pa silinda. Matope akauma pakati pa zipsepsezo, mphepo siifika pachitsulo. Dikirani injini izizire, mutsuke ndi madzi ndi burashi mpaka muziona chitsulo m'mipata yonse. Injini yotereyi siifunanso kulira nthawi yaitali njinga ili chiimire.

Pa injini yozizira ndi madzi, musatsegule chivindikiro cha radiyeta ikadali yotentha, madziwo amatumphuka n'kukuwotchani. Ikazizira, tsegulani, madzi azioneka pafupi ndi khosi. Amene amathiridwa ndi coolant, madzi oziziritsa injini, kawirikawiri theka mankhwala theka madzi oyera. Unikani radiyeta ndi tochi kuchokera kumbuyo. Pamene kuwala sikukudutsa pali matope kapena timapepe topindika, ndipo timeneti mumatiwongola mosamala ndi kasikuludiraiva kakang'ono. Potsuka musagwiritse ntchito madzi othamanga kwambiri, amatipinda.

Chivindikiro chenichenicho anthu amachidelera. Chimasunga mphamvu ya mpweya m'kati, pa njinga zambiri pafupifupi 1.1 bar, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imathandiza kuti madzi asawire pa madigiri 100. Labala yake ikang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, njinga imalavula madzi msanga ngakhale zina zonse zili bwino.

Pali zizindikiro ziwiri zofuna kuti muleke kuyenda nthawi yomweyo. Oyilo akasanduka wotuwa ndi wathovu, madzi akulowamo, kawirikawiri kudzera pa labala yotchinga ya pampu ya madzi. Pa njinga zambiri pansi pa pampuyo pali kabowo kamene kamayamba kudontha labalayo ikatha. Chachiwiri, mukaliza injini yozizira chivindikiro chili chotsegula n'kuona thovu likutuluka mosalekeza, gasiketi ya pamutu pa silinda yapsa.

Musaiwale zimene zimalemetsa injini kuchokera kunja. Nyamulani gudumu lililonse mulizungulitse ndi dzanja: buleki yogwira, tcheni chokungika kwambiri ndi matayala ophwa zonse zimatopetsa injini. Kayendetsedwe nakonso kamawerengedwa. Kukwera mtunda kapena kudutsa mumchenga mu giya yapamwamba, chala chili theka pa kilatchi, kumawotcha mapuleti m'kanthawi kochepa. Tsitsani giya, kilatchi muisiye igwire yonse.

Chachinayi, petulo ndi mpweya

Injini ikamalandira mpweya wambiri petulo wochepa, imatentha ngakhale zipsepse zili zoyera. Masulani pulagi muione kunsonga. Yofiirira pang'ono ili bwino, yoyera mbee ikusonyeza kuti petulo akuchepa. Zizindikiro zina ndi kuphulikaphulika ku ekizozi mukabweza moto, komanso injini kuchedwa kutsika kulira kwake.

Nthawi zambiri wapalamula ndi kajeti kakang'ono ka mu kabureta, kachitsulo ka bowo lodutsa petulo, kamene katsekeka ndi petulo wokhalitsa, kapena labala yolumikiza kabureta ku injini imene yang'ambika n'kumayamwa mpweya. Pindani labalayo ndi chala muone ngati ili ndi ming'alu. Kajetiko katsukeni ndi mankhwala otsukira kabureta ndi mpweya, osakabowola ndi waya, chifukwa bowo likakula silibwereranso. Fyuluta ya siponji itsukeni, iume, muipake oyilo wake, ndipo muikhazike bwino kuti fumbi lisadutse m'mbali.

Chachisanu, tsopano tsegulani kilatchi

Ngati oyilo ndi woyenera, kebulo yachunidwa, koma vuto likadalipo, khuthulani oyilo n'kuchotsa chivindikiro cha kumanja. Mabawuti ake amasiyana kutalika, ndiye abayeni pa katoni motsatira malo amene mwawachotsa. Masulani mabawuti a masipuling'i pang'onopang'ono modumphanitsa, ndipo mapuleti muwasanje monga mmene atulukira.

Mapuleti okhala ndi timatumba togwirira ayezeni kukhuthala kwake, muyerekeze ndi malire olembedwa m'buku. Osalala onyezimira, kapena onunkha kupsa, atha. Mapuleti achitsulo akasanduka abuluu ndiye kuti anatentha kwambiri. Agonekeni pa galasi losalala, mudinikize m'mbali ndi chala: yogwedera yapindika, ndipo imeneyo ndi imene imaletsa kilatchi kumasuka. Masipuling'i ofupika kuposa muyezo asintheni onse pamodzi.

Kenako yendetsani chikhadabo m'mphepete mwa zala za chibasiketi chimene mapuleti amakhalamo. Mukamva timizere tokumbika, mapuleti amakodwa m'menemo m'malo moyenda momasuka. Tikakhala tosazama mukhoza kutisalaza ndi fayilo mosamala, ngakhale kuti ndi thandizo la kanthawi. Tikazama, chibasiketi chatha.

Mapuleti atsopano aviikeni mu oyilo kwa maola angapo musanawaike, asayambe ntchito ali ouma. Mabawuti a masipuling'i ndi ang'onoang'ono ndipo amaduka msanga, choncho amangeni modumphanitsa, pa mphamvu imene buku lanena.

Chomaliza, magiya enieniwo

Yambaninso panja. Chopondera magiya chikakhwepa pa shafiti yake, phazi limayenda koma shafiti siizungulira mokwanira, ndiye mangani bawuti yake n'kuona ngati timano sitinadyeke. Njinga ikagwa, chopondera chimapindika n'kumakhula pa injini, ndipo mudzaona pamene chakanda. Chichuneninso kutalika kwake molingana ndi nsapato imene mumavala pokwera. Tcheni chokhwepa kwambiri, ndi injini yolira kwambiri ili chiimire, nazonso zimalimbitsa magiya.

Chopondera chikapanda kubwerera pakati mukachisiya, yaduka ndi sipuling'i yobwezera, kapena shafiti yapindika. Magiya akamalumphana, kapena mukamagwera m'malo opanda giya pakati pa magiya awiri, onani kanyenyezi kachitsulo kosankhira magiya ndi kamkono kokhala ndi sipuling'i kamene kamakagwira. Pa njinga zambiri zonsezi zili kuseri kwa kilatchi, mumazifikira osagawa injini, ndipo nthawi zina imangokhala bawuti ya kanyenyeziko imene yamasuka.

Ngati giya imodzi yomweyo ndi imene imachomoka yokha nthawi zonse mukatsegula moto, pamene enawo ali bwino, ndiye kuti mano okolekera a giyayo adyeka kapena foloko yoikankha yapindika. Pamenepo injini iyenera kugawidwa pakati, ntchito yofuna zida zake zokokera ndi buku la njingayo. Ngati mulibe zimenezi, pitani nayo kwa makaniko, mumuuze giya imene ikuchomoka ndi zonse zimene mwayesa kale. Mpaka itakonzedwa musaikwere, chifukwa kachitsulo kothyoka kakagwera pakati pa magiya kamatha kumanga gudumu la kumbuyo njinga ili pa liwiro.