Momwe mungakonzekerere intaviyu ya ntchito yolemba mapulogalamu ku Amazon ku Cape Town

Ambiri timaidziwa Amazon ngati sitolo ya pa intaneti, koma kuyambira 2004 kampaniyi ili ndi ofesi ya akatswiri olemba mapulogalamu ku Cape Town. Ndi komweko komwe gulu lotsogoleredwa ndi Chris Pinkham linapangira EC2, ntchito yobwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti yomwe inayamba mu 2006. Kwa wachinyamata amene wamaliza ku MUBAS, MUST, Mzuni kapena Chanco, khomo ili ndi lapafupi kuposa la ku Seattle, ku America, komwe kuli likulu la Amazon.

Yambani ndi CV. Musaunjike mayina a Java, Python ndi zina zonse zomwe munazilawa. Lembani chimene munapanga, amene akuchigwiritsa ntchito, ndi chomwe chinasintha. Ntchito zake zimalengezedwa pa amazon.jobs ndipo kufunsira n'kwaulere. Wina akati mumutumizire kangachepe pa Mpamba kuti akulowetseni, ameneyo ndi wakuba.

Akakusankhani, chotsatira ndi mayeso a pa intaneti a nthawi yowerengeka. Sankhani chilankhulo chimodzi cha kompyuta, mudzichizoloweze pa masamba a pa intaneti oyesererapo monga LeetCode kapena HackerRank: njira zosanjira deta monga ma array, ma hash map, ma tree ndi ma graph, komanso kufotokoza ngati njira yanu ingapirire deta ikachuluka. Poyeserera muzilankhula mokweza, chifukwa pa intaviyu amafuna kumva mmene mukuganizira. Tsikulo laputopu ikhale yodzaza, bandulo yokwanira, ndipo mudziwiretu kothawira magetsi akathima.

Chachitatu, mafunso okhudza khalidwe lanu pa ntchito, ndiye chimagwetsa anthu odziwa ntchito. Amazon ili ndi mfundo 16 za kagwiridwe ka ntchito zotchedwa Leadership Principles. Zinali 14 mpaka mu 2021 pamene anawonjezera ziwiri. Pa gawo lomaliza mumakumana ndi anthu anayi kapena asanu, mmodzimmodzi, pafupifupi ola limodzi ndi munthu aliyense, ndipo aliyense amakhala atapatsidwa mfundo zoti akuyeseni nazo. Funso limayamba motere: "Tiuzeni za nthawi ina pamene..." Akufuna nkhani yeniyeni, yofotokozedwa mwa dongosolo lomwe amalitcha STAR: zinthu zinali bwanji, udindo wanu unali wotani, munachitapo chiyani, zinatha bwanji.

Apa ulemu wathu umatipweteka. Tinaleredwa kuti kudzitchula ndi kudzitama, ndiye timayankha kuti "tinakonza vutolo". Wofunsayo sakulemba ntchito gulu lonse. Tiyerekeze kuti sisitimu ya malipiro pa kampani yanu inkazima kumapeto kwa mwezi kulikonse. Nenani kuti ndinu amene munakhala pansi n'kuwerenga ma log (zomwe sisitimu imalemba za mmene ikuyendera), munapeza kuti query imodzi (funso lofufuzira deta) inkasesa tebulo lonse, munaika index yofulumizitsa kufufuzako, ndipo lipoti lomwe linkatenga ola linayamba kutuluka m'mphindi zochepa. Anzanu atchuleni pomwe anathandiza, koma gawo lanu lioneke. Adzakukumbani: munadziwa bwanji, bwanji simunayese njira ina, lero mukanasintha chiyani. Nkhani yopeka imasweka pa funso lachiwiri.

Konzekeraninso nkhani ya tsiku limene munatsutsana ndi abwana anu. Mfundo ya "Have Backbone, Disagree and Commit" imafuna munthu wotha kunena mwaulemu, ali ndi umboni m'manja, kuti njira iyi siyenda, koma chigamulo chikaperekedwa agwire ntchito ndi mtima wonse. Kuyankha kuti simunasemphanepo ndi aliyense kumamveka ngati munaona cholakwika n'kukhala chete. Pakati pa ofunsawo pamakhalanso wina wotchedwa Bar Raiser, wochokera kunja kwa gulu lomwe likufuna munthu, ndipo iye akakana simulembedwa ngakhale bwana wa gululo atakukondani.

Akakupatsani mpata, nanunso funsani, chifukwa malowa si a aliyense. Ku Amazon gulu lomwe lapanga pulogalamu ndi lomwenso limaiyang'anira, kutanthauza kuti pamakhala masabata omwe foni ikalira usiku mumadzuka kukakonza vuto. Funsani kuti zimenezi zimachitika kangati m'gululo. Misonkhano ikuluikulu imayamba ndi kuwerenga mwakachetechete chikalata cha masamba mpaka 6, popeza Jeff Bezos, amene anayambitsa Amazon, analetsa PowerPoint pa misonkhano ya akuluakulu mu 2004. Amene salemba Chingerezi chomveka amavutika ngakhale khodi yake ili yabwino. Dziwaninso kuti kampaniyi inachotsa antchito pafupifupi 27,000 pakati pa 2022 ndi 2023, ndipo inalamula kuti kuyambira mu 2025 antchito a m'maofesi azipita masiku asanu pa sabata. Musamange chiyembekezo pogwirira kunyumba ku Zomba.

Zamapepala musazisiyire kumapeto. Critical Skills Work Visa, chilolezo choti akatswiri akunja agwire ntchito ku South Africa, imafuna kuti digiri yanu iunikidwe ndi SAQA, bungwe loona za ziyeneretso za maphunziro m'dzikomo, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Tengeranitu transcript kusukulu kwanu, muonenso pasipoti ngati siili pafupi kutha, musanatumize CV.