Kuika kaseti ya mano ambiri kuti njinga izipepuka pa chitunda

Njinga ya magiya ikamalemera pa zitunda zazitali, monga msewu wokwera phiri la Zomba kapena wokhotakhota wa ku Golomoti, chinthu choyamba kuyang'ana ndi chiwerengero cha mano a giya lalikulu la kumbuyo. Ngati giya laling'ono la kutsogolo lili ndi mano 34 ndipo lalikulu la kumbuyo lili ndi 28, njinga ya matayala a 700c, saizi ya matayala a njinga zambiri za pa tala, imasuntha pafupifupi mamita 2.5 mapedulo akazungulira kamodzi. Mukaika kaseti, gulu la magiya a pa tayala la kumbuyo, yofika mano 34, mtunda umenewu umatsikira pa mamita 2.1, ndipo miyendo imapalasa mopepuka ngakhale kuti njingayo imayenda pang'onopang'ono. Kumangirira kasetiyo n'kosavuta. Pamene ambiri amataya ndalama ndi pogula kaseti imene zida zina za njinga yawo sizingagwirizane nayo.

Yambani ndi kutsimikiza kuti njinga yanu ili ndi kaseti osati filiwilo, chifukwa njinga zambiri za kaunjika za magiya 6 kapena 7 kumbuyo zili ndi filiwilo yomwe imapanidwa pa habu ngati nati. Chotsani tayala, muzungulitse magiyawo chammbuyo, n'kuyang'ana timizere ta pakati pamene pamalowa chomasulira. Timizereto tikamazungulira limodzi ndi magiya, ndiye kuti ndi kaseti. Tikangokhala chilili, ndi filiwilo. Wokhala ndi filiwilo asataye mtima, pakuti Shimano imapanga ya magiya 7 yotchedwa Megarange, ya mano 14 mpaka 34, kungoti imadumpha kuchokera pa 24 kufika pa 34 nthawi imodzi.

Kaseti yatsopano iyenera kukhala ndi magiya ofanana chiwerengero ndi yakale, chifukwa chosinthira cha pa handulo chimakoka waya molingana ndi mpata wa pakati pa magiyawo. Iyeneranso kulowa pa habu yanu: makaseti ambiri a magiya 8, 9 ndi 10 amalowa pa habu ya mtundu wa Shimano HG, pamene oyambira pa mano 10 amafuna habu ya SRAM XD kapena ya Micro Spline.

Pofunika kudekha kwambiri ndi pa derailleur, chida chija cha timawilo tiwiri chimene chimakankha tcheni kuchoka pa giya lina kupita pa lina. Chili ndi malire awiri. Oyamba ndi giya lalikulu limene chingathe kukwera: Shimano 105 R7000 ya mkono waufupi imalekeza pa mano 30, pamene ya mkono wotalikirapo (mkono ndi chitsulo chogwira timawilo tija), yolembedwa GS, imafika pa 34. Malire achiwiri ndi kutalika kwa tcheni yolendewera imene mkonowo ungathe kukunga, ndipo mungawerengere nokha. Chotserani mano a giya laling'ono la kutsogolo pa lalikulu, muchitenso chimodzimodzi kumbuyo, kenaka muphatikize. Njinga ya 50 ndi 34 kutsogolo ndiponso 11 mpaka 34 kumbuyo imapereka 16 kuphatikiza 23, ndiye kuti 39, ndipo pamenepa ndi pamene GS ija imalekezera. Amakaniko ena amadutsitsa malirewa ndi mano awiri zinthu n'kuyendabe, koma kwa munthu wonyamula katundu kapena wopita kutali ndi kwawo, ine ndimaona kuti kugula derailleur yoyenera n'kotchipa kusiyana ndi kukonza tayala lothyoka masipoko.

Zida zofunika ndi chomasulira lockring (mphete yopana imene imagwira kaseti pa habu), sipanala yaikulu, chodulira tcheni, ndi chain whip, kachitsulo ka chigwiriro kolumikizidwa ku chidutswa cha tcheni. Imikani tayala pansi magiya atayang'ana kutali ndi inu, kolani chain whip pa giya limodzi la pakati kuti kaseti isazungulire, lowetsani chomasulira mpaka chikhazikike bwino, ndipo mumasule motsutsana ndi kayendedwe ka wotchi, mukayang'anira ku mbali ya magiya. Mumva kulira kwa kerekete pamene lockring ikumasuka, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa popeza ili ndi timano toiletsa kumasuka yokha. Solorani kaseti yakale, pukutani habu, n'kupakapo girisi wochepa.

Mukayang'anitsitsa habuyo muona kuti mpata umodzi pakati pa mizere yake ndi waukulu kuposa inzake, choncho giya lililonse limalowa njira imodzi yokha, manambala ake atayang'ana kunja. Musaiwale timphete tolekanitsa magiya ang'onoang'ono. Pa habu ya magiya 11 ya njinga za pa tala, kaseti ya magiya 8, 9 kapena 10 imafuna mphete ya mamilimita 1.85 kumbuyo kwake, ndipo kaseti ya Shimano ya magiya 11 ya mano 11 mpaka 34 imaifunanso. Yambani kupana lockring ndi zala kuti isalowe mopingasa, kenaka mulimbitse ndi sipanala kufika pa 40 Nm (muyeso wa mphamvu yopanira). Gwedezani magiyawo ndi dzanja. Akamasewera, pali mphete imene yatsala.

Tcheni yakale imakhala yaifupi pa giya lalikulu, komanso ngati inatha imadya mano atsopano msanga, motero ndi bwino kugula ina. Poyesa kutalika kwake, ikulungeni pa giya lalikulu la kutsogolo ndi lalikulu la kumbuyo osaidutsitsa mu derailleur, mukokere nsonga zake pamodzi, muwonjezere mfundo ziwiri, n'kudula pamenepo. Tcheni yaifupi ikhoza kuzula derailleur yonse tsiku limene mwasintha giya molakwika pa chitunda.

Chotsala ndi kutchuna. Tcheni ili pa giya lalikulu, panani sikuluwu yolembedwa B mpaka kawilo ka pamwamba katalikirane ndi mano a giyalo ndi mamilimita 5 kapena 6, kapena monga wopanga ananenera. Kakayandikira kwambiri mumva kugunda, ndipo kakatalikira magiya amasintha mochedwa. Kenaka kankhani derailleur ndi chala chachikulu kulowera ku masipoko mukuzungulitsa mapedulo, ndipo ngati tcheni ikufuna kugwera kuseri kwa kaseti, panani sikuluwu ya L pang'onopang'ono. Tcheni ikamazengereza kukwera giya lalikulu, kungani waya pomasula pang'ono kambiya kosinthira, kachipangizo kozungulitsa kamene wayayo amadutsamo. Ikamazengereza kutsika, kabwezereni. Ngati magiya ena akulowa bwino pamene ena akukana ngakhale mwatchuna motani, kawirikawiri chimakhala chapindika ndi kachitsulo kamene derailleur imamangidwapo, ndipo kameneka kayenera kuwongoledwa ndi makaniko wokhala ndi chida chake musanapite kukayesa njingayo pa chitunda.