Kujambula tizilombo ndi chitsekerero cha botolo

Ngati ana akukuvutitsani kuti muwajambulire tizilombo, makamaka mvula ya kuno ku Mzuzu ikawatsekera m'nyumba, musawononge ndalama kugula mabuku ojambulira. Tolani zitsekerero za mabotolo ndi batani la malaya.

Nyerere: zungulizani pensulo pa batani katatu motsatizana, ndiye mutu, chifuwa ndi mimba. Miyendo yonse 6 ichokere pachifuwa, osati pamimba ayi, ambirife timalakwitsa pamenepa. Kangaude ali ndi zigawo ziwiri zokha, miyendo 8. Bongololo ndiye wosavuta, ingolumikizani zozungulira zambiri, timiyendo musawerenge n'komwe.

Maso akhale aakulu, kadontho koyera mkati, kakamwa komwetulira.

Chimene chimamuvuta mwana ndi kujambula chozungulira pamanja. Chitsekerero chikamugwirira ntchito imeneyo, zotsalazo amamaliza yekha inu mukuphika nsima.