Momwe mungadyere kuti mphamvu zisakuthereni m'bwalo la mpira

Amene anaonererapo mpira wa bonanza pa Kamwendo kapena pa Waliranji mu Okutobala akuwadziwa anyamata awa. Chigawo choyamba amathamanga ngati insa, koma pofika mphindi 60 manja ali m'chiuno, wina wagona pansi mwendo wakokana. Ochemerera amathamangira kunena kuti timu inayo yabwera ndi juju. Kawirikawiri vuto limakhala zomwe mnyamatayo wadya, komanso nthawi yomwe wadyera. Mwayi wake, zambiri zofunika timalima konkuno ku Mchinji.

Yambani usiku wa dzulo lake. Thupi limasunga mphamvu yochokera ku nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa m'minofu ndi m'chiwindi. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono, imaphwa mukathamanga kwambiri kwa pafupifupi ola limodzi ndi theka. Choncho idyani nsima mokhuta madzulo, makamaka ya mgaiwa chifukwa ufa woyera zambiri zabwino zimatsalira m'gaga pokonola.

Kukacha, phikani phala, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Tengani makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya. Soyayo muyambe mwamukazinga pamoto wochepa mpaka asinthe mtundu ndi kuyamba kununkhira ngati mtedza, kenako mupukuse ndi kupeta makoko musanapite kuchigayo. Soya wosakazinga amadzimbira m'mimba ndipo thupi limalephera kugaya bwino zomanga thupi zomwe zili mmenemo. Phala likamapsa, thirani masipuni awiri a nsinjiro, kamchere ndi shuga pang'ono. Mtedza wosinja muzisankha bwino. Wofota, wakuda kapena wachuku tayani, musauponye mumtondo pomvera chisoni, chifukwa chuku chili ndi poizoni wowononga chiwindi ndipo kukazinga sikumuchotsa.

Nkhomaliro ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ngati masewero ayamba 3 koloko, mbale ikhale itatsukidwa pofika 12 koloko. Nsima ikhale mitanda yochepa poyerekeza ndi masiku onse, kapena idyani mbatata yophika, ndiwo zake dzira kapena usipa wothira tomato. Tchipisi cha pachiwaya ndi kanyenya zidikire madzulo, chifukwa mafuta amachedwa kugayika ndipo mudzalowa m'bwalo mimba ili ndiii. Nyemba nazo aliyense akudziwa zomwe zimachita. Kukatsala ola limodzi, nthochi imodzi kapena ziwiri zakwana.

Madzi musadikire ludzu. Yambani kumwa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa, ndipo kukatsala maola awiri imwani pafupifupi theka la lita. Pokodza yang'anani mtundu wa mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri ngati tiyi wopanda mkaka, madzi achepa m'thupi. Thukuta limatuluka ndi mchere, n'chifukwa chake jezi ikauma imakhala ndi mizere yoyera kumsana. Tsiku lotentha, m'botolo la lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini sungunulani masipuni a tiyi asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere. Musawonjezere mchere poganiza kuti mphamvu zichuluka. Mukafinyiramo ndimu kapena kuviikamo malambe chimamweka bwino. Thobwa losasasa nalonso limagwira ntchito.

Za zakumwa za m'zitini zomwe amati zopatsa mphamvu, ine sindizikhulupirira. Muli shuga wambiri ndi kafini, mtima umagunda msanga ndipo ena usiku tulo sawapeza. Ndalama ya chitini chimodzi mutha kugulira nthochi zingapo.

Pa mphindi 15 zopumulira, imwani mwapang'onopang'ono, osagugudiza botolo lonse. Chidutswa cha lalanje, nzimbe kapena theka la nthochi, basi.

Mluzu womaliza ukalira, musathe maola awiri musanadye. Minofu imakhala yatopa ndipo imafuna zomanga thupi pamodzi ndi zokhutitsa. Tsopano nyemba, nandolo, matemba, soya pisi kapena chambiko ndi nthawi yake, pamodzi ndi nsima ndi masamba otendera. Mowa wokondwerera chigoli umangowonjezera kuuma kwa thupi lomwe lauma kale.

Atsikana a ntchemberembaye muwonjezere chinthu chimodzi. Chifukwa cha msambo, magazi amachepa msanga, ndipo chizindikiro chake ndi kupuma wefuwefu ndi chizungulire ngakhale mwadya. Idyani chiwindi mukachipeza, usipa, bonongwe ndi chisoso, ndipo phatikizani ndi chipatso monga bwemba, gwafa kapena mango kuti thupi litenge bwino ayironi, yemwe amathandiza kupanga magazi. Masamba musathire soda chifukwa amapha mavitamini, ndipo tiyi mumwe patadutsa ola limodzi mutadya popeza amatchinga ayironiyo. Chizungulire chikapitirira, kayezetseni magazi kuchipatala.

Akabaza a njinga zakapalasa, inu mumatuluka thukuta tsiku lonse kuposa osewera mpira. Mangirirani botolo la madzi pakaliyala, m'thumba muikemo mtedza wokazinga ndi mbatata yootcha, ndipo muzilumako maola awiri kapena atatu aliwonse m'malo modikira nsima ya usiku.